Mzungu Akufuna Amuna Khumi

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ndine Yohane wanu. Ndafika kuno ku Kandeu sabata yatha. Kalata ya maliro anu inandipeza mochedwa ku Halale, ndipo mzungu wa pafamu anakana kundimasula mpaka fodya atatha. Abale onse tsitsi linamera kalekale, ine ndameta ndekha dzana. Zandiwawa kwambiri.

Kuno kuli bwinoko. Achemwali anga Esinati ali ndi mwana wamkazi, amutcha dzina lanu, ndipo kukalipa kwake ndi inu nomwe. Kachewere wa kudimba lanu wachita bwino, koma nkhokwe yapendekeka ndi chiswe.

Mtima wanga ndiye suli m'malo. Mukudziwa kuti sindinapitire kutali kuti ndikakalambe ndikupalira fodya wa eni. Ndimafuna umisiri womanga nyumba. Pafamupo pali mmisiri wachikulire amene wayamba kundionetsa kayalidwe ka njerwa, ndipo akuti dzanja ndili nalo. Tsono mzungu wanena kuti ndikabwerera ndi amuna khumi a kwathu, andichotsa kumunda n'kundipereka kwa mmisiriyo. Ndikabwerera ndekha, ndisakapondenso pakhomo pake.

Amuna khumiwo apezeka ndisanawafune, ndipo wolakwa ndine. Nditafika ndinachita monga achitira onse ochokera kumwera: ndinasimba za sitima ndi za nyama ya Loweruka, zinazo ndinameza. Pano pakhomo pathu sipakuzizira anthu, poti amsonkho nawo sakupumitsa. Alamu anga, amuna a Esinati, agulitsa kale mbuzi zawo, akuti ndiwalembe poyamba. Esinati amangondiyang'ana mwana ali kubere.

Pondiperekeza munandiuza kuti ndikadye thukuta langa, osati la mwana wa mnzanu. Ndinkayesa mukunena za kuba basi. Amayi, kumene kuja munthu amakwapulidwa ndi chikoti chifukwa cha tsamba limodzi lothyoka. Mnzanga wa ku Nsipe tinamuika komweko, popanda wa kwawo womulira. Umisiriwo ndikuufuna ndi mtima wonse, sindinama, ndipo ndikuopa kuti mwayi wotere sudzabweranso. Koma alamu akadzafera kumeneko, Esinati ndidzamuuza chiyani?

Mawa tikaweruka kutchalitchi abwera onse kudzalembetsa maina. Ndidzavula malaya pamaso pawo aone msana wanga, umene ndinakubisirani m'makalata anga onse. Ena adzandiseka, ena adzati ndikuwamana mwayi. Wofuna kupita apite ataona, koma osati kumbuyo kwanga.

Ndimakukondani, Amayi. Ntchito ndikaifuna kwina, ngakhale ndikayambirenso pakhasu. Ndikukulonjezani kuti m'mudzi muno sindichotsamo mwana wa munthu ndi bodza.

Ndine mwana wanu,
Yohane