Helikopita Ilibe Buleki

Lolemba, 14 Okutobala

Kutentha. Fumbi la ku komboni ya Kasanda mpaka m'mbale. Malaiti sabata ino kuyambira 10 koloko mpaka 2 koloko masana, basi.

Tsiku lachinayi osalankhulana ndi mwana wanga Mapalo. Dzina lake latuluka pakati pa oitanidwa ku usilikali wa ndege. Akaonekere ku Lusaka pa 28, atanyamula masatifiketi enieni, osati makope. Enieniwo ali m'bokosi langa lachitsulo, kiyi ali pa lamba wanga. Ndinanena pamaso pa amake kuti sindipereka, ndipo ine Petson sindibweza mawu.

Zaka 23. Mwana mmodzi yekhayu. Ntchito ali nayo, yokonza mafoni m'tauni. Akusowa chiyani pansi pano?

Zonsezi zachokera ku chinthu chili m'chipinda chake. Kompyuta yakale, mpini woimirira pathebulo, kumanzere chogwirira chokankha choonjezera moto wa injini, zopondera pansi. Zaka zitatu akuulutsa ndege zankhondo za pa kompyuta atakhala pampando wathu wa kukhitchini. Akapita kuntchito amachifunditsa chitenje cha chigwirizano cha amake.

Sindinachigwirepo. Sindikuchifuna.

Lachitatu, 16 Okutobala

Amake Mapalo kumsika. Malaiti abwera pa nthawi yake. Ndinangolowa kukatseka zenera.

Ndinavundukula chitenje kuti ndione mdani wanga nkhope. Zaka 31 ndayendetsa sitima, ngolo makumi atatu kumbuyo, ndiye kachidole kandiopse?

Nditayatsa ndinapezeka ndili m'kati mwa helikopita. Mabatani denga lonse. Mawotchi oposa a m'injini ya sitima. Pathebulo pali kapu ya kumutu yokhala ndi timagetsi titatu. Ndinaivala mwachibwana. Kutembenuza mutu, chithunzi nachonso chatembenuka! Ndinalumpha, mpando gubudu. Chimadziwa bwanji kumene ndayang'ana?

Ola lathunthu kudina apa, kudina apo. Injini zii. Ndafunditsa bwinobwino monga ndinapezera.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndapeza kope la Mapalo pansi pa kompyuta. Ndondomeko yolizira injini, mizere 26, yolemba ndi dzanja lake. Batire. Mafuta. Pampu. Dikira nsingano ifike pakuti. Palibe kudumpha mzere. Ifenso sitima tinkailiza choncho. Ndimaganiza kuti amangowombera zinthu.

Ndatsata mizere yonse. Mapiko a pamwamba anayamba kuzungulira pang'onopang'ono, kenako phokoso. Ndinaseka ndekha ngati wopenga.

Kukoka chogwirira cha kumanzere chija, pansi panandichoka. Kenako chinthucho chinayamba kuzungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu. Mtengo, nyumba, mtengo, nyumba. Dzanja langa linafuna buleki. Palibe! Ndinatsitsa mphamvu yonse. Phofo, moto.

Kasanu ndi kawiri lero. Konse ndafa.

Funso: chinthu chopanda njanji, chopanda buleki, munthu amachiimitsa bwanji m'malere? Sitima umangoiuza liwiro, njira imadziwa yokha. Ichi manja awiri, mapazi awiri, zonse zikukangana.

Mpiniwo ukulira kwii, kwii. Makina osasamalidwa. Ana a masiku ano.

Loweruka, 19 Okutobala

Lero ndi dzulo sindinagwire, eni ake alipo. Manja akuyabwa. Manyazi.

Mweemba anabwera, mnzanga amene tinkakwera naye injini imodzi. Ndinamunong'oneza pansi pa mtengo wa mango. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Iwe Petson, unakangiwa njinga ya moto, manje ufuna ndeke?" Ndamulumbiritsa kuti asauze munthu.

Makala akweranso. Nshima ndi chibwabwa, masamba a maungu. Mapalo anandigwadira ndi madzi osamba m'manja monga masiku onse, koma maso pansi. Bola akanandilalatira. Ulemu wotere umalasa.

Madzulo ndinamumva kuchipinda akulankhula Chizungu ndi anzake a pa intaneti, pa batire imene amagwiritsa ntchito malaiti akathima. Mawu odekha, afupiafupi. Sindinkadziwa kuti ali ndi mawu otero.

Masiku asanu ndi anayi.

Lolemba, 21 Okutobala

Helikopita yandikana, ndiye ndayesa jeti. Yokha ili ndi buleki ya mawilo, tinamvana poyamba. Kukankha chogwirira cha kumanzere, msewu unathawa, ndili kumwamba. Mitambo pansi panga! Ine wa kumudzi ku Chililalila, amene sindinakwerepo ndege. Ndinapendeketsa phiko kuti ndione minda. Ndinaiwala zonse, ndi tiyi yemwe anazizira.

Kenako kulira pii, pii, pii. Kautsi koyera kakukwera kuchokera kuphiri, kokongola ndithu. Ndinkakayang'ana kuti kodi n'chiyani. Unali mzinga. Safunsa anadya phula.

Ulendo wina mawu a mzimayi m'ndegemo akundikalipira kuti ndikweze mphuno ya ndege. Ndinayankha kuti ndamva, mayi. Ndinagundabe phiri.

Pampini pali batani lofiira. Ndikudziwa ntchito yake. Pansi panali magalimoto ankhondo ali pamzere. Chala chinafikapo, ndinachibweza. Mkulu wa mpingo ine. Zithunzi chabe, inde, koma m'galimoto mumakhala anthu.

Kutera ndiye nkhondo. Bwalo likamayandikira mtima umakwera, ndimadula moto, ndege imagwa ngati thumba la chimanga, bwalo lili apo.

Kulira kwa mpini kwanditopetsa. Ndathira madontho atatu a mafuta a makina osokera a amake. Ndamangitsanso mwendo wa thebulo. Tsopano ukuyenda ngati watsopano.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndagwidwa.

Mapalo atabwera kuntchito anangolowa n'kutuluka. Mawu oyamba pa masiku khumi ndi awiri: "Adadi, nindani anaika oilo pa sitiki yanga?" Ndinati mwina amako. Amake anali pomwepo, akusankha nyemba. Sanadzutse ndi mutu womwe.

Akuti m'kati mwa mpini muli timagetsi, mafuta akadalowa zikadathera pomwepo. Anaumasula, kupukuta ndi thonje, ine nditaima pakhomo ngati mwana wasukulu. Kenako anandionetsa tsamba lina pa kompyuta. "Kompyuta ilemba vonse, Adadi. Mwagwa ka 34." Tsiku, ola, ndege yake, zonse. Ine kufunditsa chitenje kuja ndinkabisa chiyani?

Ndinati wa njanji sangamve chitsulo chikulira n'kudutsa. Pakamwa pake panagwedera. Sanaseke, koma kunatsala pang'ono.

Za masatifiketi sanatchule.

Lachinayi, 24 Okutobala

Tsiku la ufulu, sanapite kuntchito. Malaiti atabwera anakoka mpando wachiwiri osafunsa.

Anayamba iye. Asanalize injini amagwira batani lililonse ndi chala, kulitchula dzina. Ndinafunsa anakuphunzitsa ndani. Akuti, "Imwe. Munali kuzunguluka injini na nyundo, ine nili pa geti na chakudya chanu." Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndimayesa ankangodya mabisiketi.

Helikopita ija yondizunguza ine, kwa iye inangoima m'malere, phee. Dzanja silikuoneka n'kuyenda komwe. Ndinawerama kuti ndione. Likuyenda, koma pang'ono ngati munthu wolowetsa ulusi m'singano. Akuti osayang'ana pansi pafupi, yang'ana kutali. Kuimitsa ndi kukweza mphuno pang'ono, liwiro limatha lokha. Ndiye buleki yake ndi imeneyo! Ndinamufunsa mafunso mpaka anati ndikumusokoneza.

Anakatenga msilikali wovulala kuseri kwa phiri, zipolopolo zikudutsa. Anawombera kawiri. Ndinaona chala chake, sichinanjenjemere.

Ndinafunsa mosazungulira: kumeneko udzawombera anthu? Anati, "Nifuna za kupulumusa bantu. Koma bakanituma, Adadi, siningakunamizeni." Ndinati kumeneko kulibe batani loyambiranso. Anati, "Niziba. Ndiye chifukwa nigwela pano."

Maola ake pa tsamba lija: 640. Kugwa kwake kwa masiku oyamba kunaposa kwanga.

Ndikuopa. Ndalemba, ndi izo. Ndikuopa kuti adzandibweretsera mbendera yopinda.

Lachisanu, 25 Okutobala

Ndekha. Kasanu, konse kugwa bwalo lili pafupi. Ndayamba kuliyang'ana dzanja langa lamanzere. Limabwerera m'mbuyo lokha, ine ndisanaganize.

Ndikulidziwa dzanja limeneli. 1998, pamphambano ya njanji ndi msewu. Bambo wa njinga, matumba awiri a makala. Hutala, hutala, sanamve. Ndinadula moto, buleki yonse, Mweemba akukuwa. Sitima inakaima patali, patali zedi. Ofufuza anati ndilibe mlandu. Kuyambira pamenepo ndinkamanga buleki msanga paliponse, anzanga mpaka ananditcha Ba Pole Pole. Sindinagundenso kanthu.

Makala aja anamwazika mbali zonse ziwiri za njanji. Anthu anatola.

Masiku atatu.

Loweruka, 26 Okutobala

Anatseka msanga kuntchito, anafika 12 koloko. Akuti lero muzatera.

Jeti. Mawilo pansi. Bwalo likubwera, ine ndili pamwamba kwambiri, komanso chammbali. Dzanja linayamba ulendo wake wa m'mbuyo. Mapalo anaika lake pamwamba pa langa n'kukankhira kutsogolo, mpaka kumapeto. Ndinakuwa kuti tipitirira! Anati, "Tipitilile. Mukayopa, onjezani moto. Tizazunguluka, bwalo siithaba."

Tinadutsa pamwamba pa bwalo, kukwera, kuzungulira. Sindinadziwe kuti zimaloledwa. Sitima ikapitirira sigino yoimitsa ndi mlandu, kalata, ofesi. Kuno akuti wanzeru ndi amene amapitirira.

Kachiwiri anachotsa dzanja. Ndinasunga moto mpaka pafupi. Mawilo anagunda, ndege inadumpha kawiri ngati mbuzi, n'kukhala. Pamenepo ndiye anati, "Manje gwilani buleki yanu." Ndinaiponda ndi mtima wonse. Malaya onse thukuta. Amake anaimba nthungululu pakhomo, kaya anafika nthawi yanji.

Chikwama chake ndachiona kuseri kwa chitseko. Chopakira kale. Sanapemphebe.

Madzulo amake akuthirira repu anandiitana. Akuti, "Atate ake Mapalo, mukudziwa kuti bokosi lija linabwera ndi makiyi awiri?" Wachiwiri ali m'chitini cha mabatani kuyambira chaka chimene tinakwatirana. Anamuonetsa Mapalo tsiku lomwe ndinakana. Mwana anabweza. Akuti sangapite kukalumbira ndi mapepala akuba, adikira dzanja la atate ake, likapanda kubwera atsala.

Masabata awiri ndikuyenda ndi kiyi pa lamba ngati mfumu. Buleki ndimayesa ndagwira ine.

Amake anawonjeza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndinati ndamva, mayi.

Lolemba, 28 Okutobala

Dzulo sindinalembe.

Titaweruka kutchalitchi ndinatsegula bokosi. Envelopu ili pansi pa yunifolomu yanga yakale, fungo la mankhwala a njenjete. Ndinawerenga pepala lililonse kawiri. Masamu anakhoza kuposa mmene ndimakumbukira. Ndinamupatsa ndi manja awiri. Anagwada, ine ndinayang'ana kudenga. Pemphero anachita amake.

Chikwama ndinanyamula pa njinga mpaka pokwerera basi. Ndinayang'ana matayala a basiyo onse, kondakitala mpaka anafunsa ngati ndine wa boma. Inanyamuka 3 koloko. Anaimba kuti wafika bwino kwa azakhali ake.

Mwina samutenga. Akuti oitanidwa ndi ambiri, pali kuthamanga, kuyeza maso, kuyeza magazi. Ndadzipeza ndikupempherera maso ake. Ine!

Mantha sanachoke. Ali pomwe anali.

M'mawa uno ndalowa kuchipinda kwake. Bedi loyala. Pamwamba pa chitenje pali kope lija, tsamba latsopano, walemba monga tinkalembera posiyirana injini:

"Makina ali bwino. Oilo OSAIKA. Helikopita: yang'anani kutali. Nikabwela nizaona tsamba."

8 koloko inali nthawi yawo yolowa pageti. Foni sinalire. Amake akuti mwina amawalanda. Ndasesa pabwalo kawiri. Mweemba akuti abwera masana adzaone ndi maso ake.

Firiji yayamba kulira. Malaiti.

Mzere woyamba, batire.