Timakadi ta malemu

Lolemba, 9 Juni

Miyezi isanu lero chimwalirireni mkazi wanga. Ndathiranso tiyi m'makapu awiri. Winayo ndamutaya m'sinki.

Kushopu alamu atulutsa timakadi ta maina a nsomba, tija ankalemba malemu pamanja. Akuti makasitomala anazolowera dzanja la mlongo wawo. Ndinaima nthawi yaitali pa kolembedwa "Tuna". T wake wamchira wautali uja.

Lachiwiri, 10 Juni

Galimoto yabwera m'mawa ndi nsomba zikuluzikulu zisanu ndi ziwiri, zopanda mitu, zopanda zipsepse. Zaka makumi awiri ndili pathabwa lodulira, mpeni sundinamiza. Khungu lokhakhala ngati sandipepa, mkati mopanda minga, kafungo ka mkodzo. Shaki, chinsomba cholusa cha m'nyanja ya mchere. Mitu amadulira panyanja pomwepo kuti mitundu yoletsedwa kugwira isadziwike. Zipsepse zili ndi msika wake.

Ndinati, "Alamu, izi n'chiyani?" Iwo, "Nsomba, alamu. Kapena mwaona miyendo?" Dalaivala anaseka. Alamu ati ndisende, ndiviike mnofuwo m'madzi a mandimu fungo lichoke, ndiyale pansi pa kadi ya tuna.

Ndachita.

Lachinayi, 12 Juni

Zabweranso. Imodzi inali yosatumbula. Nditaing'amba munatuluka tiana khumi ndi tinayi, timitu ngati tihamala, maso ndi zonse, tongodikira tsiku. Ndatiika m'ndowa ya zinyalala n'kuphimba ndi nyuzipepala. Masana sindinadye.

Lachisanu, 13 Juni

Kunabwera anamwino aja ankayendera malemu kunyumba, kuwabaya jakisoni osatopa nafe. Amagulira mwana wawo, ndi woyembekezera. Chonsecho shaki amaletsa kwa oyembekezera, ndikudziwa. Anagwira kadi ija n'kunena, "Dzanja la mayi aja ili. Iwo bodza sankagulitsa." Ine ndinawakulungira mapisi awiri. Ndinawathokozanso.

Malemu akanandiyang'ana chammbali: "Bambo, pakamwapo anakusokanipo?"

Loweruka, 14 Juni

Ndawapeza alamu kuseri, pafiliji yaikulu. Ndati kadi yokhayo tichotse, ena alembe yawo. Anapitiriza kupanga makatoni.

"Uja anali mlongo wanga inu musanamudziwe. Anakusungani pano ndani maliro atatha, mukungoononga nsomba zanga? Woyendera wa boma akabwera amawerenga kadi, sanunkhiza. Ngati mpeni wakulemerani, nenani, ofuna ntchito sasowa."

Sananame, anandisungadi. Pamsinkhu uno angandilembenso ndani? Chondiwawa n'chakuti ali moyo malemu, galimoto imeneyi sinkaima pakhomo pathu. Anadikira agone kaye, kenako n'kubwereka dzanja lawo.

Lamulungu, 15 Juni

Kumanda. Ndazula udzu.

Lolemba, 16 Juni

Ndinafika alamu asanabwere. Kadi ya tuna ndinaiika m'thumba la malaya. Ndinang'amba chivindikiro cha katoni n'kulembapo SHAKI ndi dzanja langa loipali. S anapendekeka.

Oyamba kulowa anali anamwino omwe aja, akuti mwana anaikonda nsomba ija, ndiwapatsenso. Anawerenga, anayang'ana m'thireyi, kenako ine.

"Ya Lachisanu ija inalinso yomweyi, bambo?"

Ndinati inde.

"Ndipo munkadziwa."

Ndinati inde.

Anakoleka chikwama paphewa. Sanakalipe, bola akanakalipa. Pakhomo anapatsana njira ndi alamu, moni wawo osauyankha.

Alamu anawerenga katoni ija kawiri. Anangonditambasulira dzanja. Ndinadziwa kuti akufuna kadi ya mlongo wawo.

Ndinavula epuloni n'kuwapatsa.