Khadi la Pensulo

Lolemba, 10 Malichi

Wosindikiza waimba masana. Akuti buku loyeserera latuluka, ndikalitenge mawa. Makope enieni asindikiza Lachisanu, kuti Loweruka ophunzira akale a Bambo akawapatse buku lawo m'manja ku holo ya sukulu.

Zaka makumi atatu Bambo akulemba timakhadi, muzu uliwonse wa mawu a Chiarabu ndi matanthauzo ake m'Chichewa. Mabokosi a nsapato asanu ndi limodzi, odzaza thothotho. Ine ndataipa zonsezo m'miyezi iwiri. Ndikudzitama ndithu, muno palibe wondiona.

Nditawauza, Bambo angoti, "Miyezi iwiri? Naphuma, Naphuma." Dzina limeneli anandipatsa ndili kamwana ndipo lakana kuchoka. Amayi aseka ali pa makina awo osokera, osadzutsa mutu.

Lachiwiri, 11 Malichi

Buku ndalitenga. Likununkhira inki.

Maso a Bambo achita ng'ala, ndiye wowawerengera ndine. Nditaweruka ndawapeza atakhala kale pa windo, atavala malaya awo oyera ngati kukubwera alendo. Akuti, "Tsegula pa zilembo ayini, jimu, lamu. Tiyambe ndi muzu wako."

Ndimawerenga liwu, iwo n'kumalizitsa pamtima. Ajala, phuma. Ajala yomweyo, gudumu la ngolo. Ijil, mwana wa ng'ombe. Musta'jil, munthu amene sakhala pansi pofuna chinthu, "ngati wina wake amene ndikumudziwa." Ujaala, kachakudya kamene umam'patsa mlendo msangamsanga chakudya chenicheni chisanapse. Pamenepo anaseka mpaka kutsokomola, akuti mawu onsewa ndi ana a mimba imodzi, onse sadziwa kudikira.

Kenako ajuul. Ngamila yaikazi yoferedwa mwana, imene imangopita uku n'kubwerera, osakhazikika.

Ndinaima. Bambo anagwedeza mutu. "Eya, pathera pomwepo. Pita ku muzu wina."

Koma sipanathere pomwepo. Pansi pake pali mizere ina, yosindikizidwa bwinobwino. Ndikuikopera muno:

"Amanenanso mkazi. Monga mayi wa ana anga, chaka chimene mwana wathu woyamba anamwalira: khomo, geti, khomo, geti, mpaka mapazi kutupa. Ine ndinali pa tebulo ndikulemba. Sindinamugwire dzanja."

Zala zangazi ndi zimene zinataipa zimenezi, koma sindikukumbukira n'komwe. Ndimataipa ngati kuntchito, zala zikuyenda, mutu uli kwina.

Za achimwene anga amenewa m'nyumba muno sitinena. Ndikungodziwa kachithunzi kamodzi m'sutikesi ya Amayi, kamwana kovala sokosi imodzi. Ndinabadwa iwo kulibe kale.

Chakudya chandikanika.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndalipeza khadilo m'bokosi lachinayi. Pamwamba inki, pansi pensulo.

Ndimadziwa lamulo lawo, ndakulira nalo. Tanthauzo lililonse amayamba kulilemba ndi pensulo. Akalipeza m'mabuku atatu osiyana, m'pamene amadutsitsa inki pamwamba pake. Amati mboni zitatu. Chimene chili m'pensulo ndiye kuti chikudikirabe, si cha anthu. Ndipo anandiuza pondipatsa mabokosi, ndikukumbukira tsopano: "Za inki zokha." Ndinati eya, eya, foni ili kukhutu.

Ine pofuna kupepukitsa ntchito ndinajambula makhadi onse pa foni, ndi kapulogalamu kaja kamayeretsa pepala n'kudetsa zilembo, kuti ndizitaipa pa nthawi yopuma kuntchito. Pa foni pensulo ndi inki zonse zakuda mofanana. Nzeru zanga zimenezo.

Ndakhala pansi m'chipinda changa n'kutulutsa mabokosi onse, khadi ndi khadi, kulipendeketsa pa windo chifukwa pensulo imanyezimira. Makhadi 43 a pensulo. Enawo ndi matanthauzo amene sanawatsimikize basi. Lowawa ndi limodzi lija.

Amayi anagogoda, "Ukutani ndi zinthu za bambo ako?" Ndati ndikupukuta fumbi. Akuti, "Iwe? Fumbi?" n'kupita.

Ndikuopa. Loweruka holo idzadzaza, aliyense buku m'manja, Amayi atakhala kutsogolo.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndapempha kutuluka kuntchito, ndathamangira kwa wosindikiza. Makina akulira, kulankhulana kwake kokuwa. Ndamuuza angochotsa mizere 43 mwakachetechete, mndandanda ndi uwu.

Wapukuta manja pa nsanza, wayang'ana pepalalo, wandibwezera. "Achemwali, inetu ndinaphunzira kwa bambo anu. Anandibwezapo kope katatu chifukwa cha kadontho kamodzi. Sindichotsa ngakhale chilembo popanda siginecha yawo. Mundibweretsere pofika 10 koloko mawa. Ikadutsa, makina ayamba monga zilili."

Ndamuchonderera. Akuti, "Mukuwaopa? Tonse timawaopa. Pitani."

Madzulo ake

Ndawauza Bambo. Ndinadikira Amayi atuluke kukapereka diresi la kasitomala.

Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anavula magalasi n'kuwapinda pang'onopang'ono.

"Ana amene ndinkawauza kuti asalembe chimene sakuchidziwa, Loweruka akalandire zongoganizira zanga? Dzina langa lili pachikuto?"

Ndati zikonzeka, angosaina.

"Angati?"

"43."

Kenako motsitsa mawu, "Bokosi lachinayi nalonso?"

"Nalonso, Bambo."

"Unawerenga?"

"Ndinawerenga."

Anatembenukira ku windo. Sindinawaonepo ali ndi manyazi chibadwire changa, ndipo sindifuna kudzawaonanso choncho. Akuti, "Amayi ako asaone. Mawa m'mawa tidutsamo limodzi, limodzi ndi limodzi, ndiye ndisaine."

Ndati tingosaina pano, mndandanda ulipo kale. Akuti, "Sindisaina chimene sindinachimve ndi makutu anga." Ndipo geti linalira, Amayi abwera.

Sanandiitane Naphuma tsiku lonse. Sanandiitane n'komwe.

Lachisanu, 14 Malichi

Tinayamba 7 koloko pa tebulo lawo, chitseko chotseka. Ine kuwerenga, iwo "chotsa," ine kuchonga. Koma Bambo ndi Bambo. Pa makhadi ena amati, "Taima, limeneli ndinalipeza kawiri, tabweretsa buku lobiriwira lija." Ine maso pa wotchi, mwendo ukugwedezeka pansi pa tebulo. Kuwerenga timawerenga pa makhadi enieniwo. Za buku loyeserera ndinali nditaiwala.

Ndinalisiya dzulo pa tebulo losokera, pamene ndinkafufuza makiyi. Ndipo tsamba lija ndinali nditalipinda pakona Lachiwiri.

9 koloko itangodutsa, tili pa khadi la 30, makina osokera anasiya kulira. Ndinamva, koma sindinaganize kanthu. Kenako chitseko chinatseguka osagogoda. Amayi, tepi yoyezera ili m'khosi, buku m'manja, chala chili pakati pa masamba.

"Bambo ake, izi munalemba ndinu?"

Bambo saona bwino, koma anadziwa. "Sizimayenera kulowa m'buku. Tikuzichotsa."

"Sindinafunse zimenezo. Munalemba liti?"

"Chaka chomwecho."

Ndinafuna kuimirira ndituluke. Amayi anandikhazika ndi dzanja pa phewa, osandiyang'ana. "Khala. Ndiwe waziulutsa."

Anapempha khadilo. Ndinawapatsa. Analipendeketsa pa windo monga ndinkachitira ine, ndiye kuti lamulo lija nawonso amalidziwa bwino.

"Zaka zonsezi lili m'pensulo. Chifukwa?"

Bambo anayankha ngati ali m'kalasi, mwina ndi njira yokhayo imene akanatha kuyankhira. "Zoti liwuli amanenanso munthu ndinazipeza m'mabuku awiri okha. Lachitatu sindinalipeze."

"Munafunsa mabuku." Amayi anaseka pang'ono, kuseka kosakoma. "Ine ndinali m'nyumba momwemo. Ndinkayesa simunaone n'komwe. Ndinkati bambo awa mwana wapita iwo ali pa timapepala tawo. Ndakhala nazo zimenezo mumtima mpaka lero, mukudziwa?"

"Ndinkaona. Ndinkawerenga maulendo ako. Tsiku lina anakwana makumi asanu."

"Osadzuka."

"Osadzuka."

Misozi inali ikutsika kwa ine, osati kwa iwo.

Amayi anatsegula kabati ya tebulo, anatulutsa peni ya inki ija imene palibe amaikhudza, anaivundukula. "Mboni yachitatu ndi ine ndaima pano. Mapazi aja anali anga. Lembani."

Bambo anati anthu adzawerenga, holo yonse. Amayi anati awerenge, mwanayo anakhalapo, si maloto. Bambo anati mwina mzere womaliza wokha uchoke, si tanthauzo la liwu.

"Umenewo ndiye ndikuuchitira umboni kwambiri. Lembani."

Anayesa. Peni inkangovina pamwamba pa khadi, inki n'kudontha pakona. Dzanja lawo masiku ano silitha kunyamula ngakhale kapu yodzaza. Anati, "Naphuma, tandilembera."

Amayi anati ayi. Anakoka mpando, anakhala pambali pawo, anagwira dzanja la Bambo ndi manja awo onse awiri, n'kuyamba kulitsogolera pamwamba pa pensulo, chilembo ndi chilembo.

Ndatuluka. Ndikulemba izi nditakhala pa sitepe ya pakhomo, kope lili pa bondo. Makhadi 13 sitinawadutse, pepala silinasainidwe. Wosindikiza waimba kawiri, foni ndaitembenuza. Nthawi ndi 9:40.

Kudzera pa windo ndikumva Amayi akuti, "Pang'onopang'ono, bambo ake, mwatuluka mu mzere." Angofika kumene pa "khomo, geti."