Ulendo Woperekeza a Mhango

Lolemba, 8 Juni 2015

Fyness wakananso. Mwana wanga mmodzi yekhayo, amusankha ku sukulu ya unamwino kumpoto, kupitirira Mzuzu, ndipo akapanda kufika pa 29 mwezi uno malo ake apatsa wina. Iye akuti sapita. Akuti azingothandiza mugolosale ya azakhali ake pa Thambani pompano, bola mtendere.

Chifukwa chake ndikuchidziwa, ndi changa chomwe. Tonse awiri tikangokwera galimoto m'mimba mumatembenuka. Ine ndiye ndimasanza mpaka ndulu. Mwanayu akanatengera mphuno yanga bwenzi zili bwino, koma anasankha zimenezi.

Ndamukalipira mpaka mawu kusasa. Wandisiya ndimalize, kenako, uku akupukuta mbale, wanena mofatsa: "Amayi, inu mwakula chonchi osapitirira Blantyre. Mwafa?"

Bambo ake anali pakhonde, ndawamva akutsokomola chifuwa chomwe alibe.

Lachiwiri, 9 Juni

Mawu aja akundidyabe. Lero mu Sitandade 7 ndimaphunzitsa mapiri a m'Malawi. Ndodo m'manja, kuloza pamapu: apa Dedza, apa Viphya, apa Nyika. Ana akubwereza pambuyo panga bwinobwino. Koma ine manyazi kundigwira ngati ndaba. Zaka zonsezi ndakhala ndikugogoda ndi ndodo malo omwe phazi langa silinapondepo.

Blantyre yomwe Fyness akunenayo ndinapitako kamba ka koleji ya uphunzitsi basi. Pa holide anzanga akamanyamuka ine ndinkapempha kutsala, kuopa basi.

Lachitatu, 10 Juni

Miting'i ya aphunzitsi. A Mhango, a masamu, apuma pantchito, ndipo lole ibwera Loweruka kudzawatenga pamodzi ndi katundu kupita kwawo ku Rumphi. Pasukulu pathu munthu amene mwapuma naye fumbi la choko limodzi sachoka yekha ngati wothamangitsidwa. Aphunzitsi awiri amamuperekeza mpaka pakhomo pake. Ahedi afunsa odzipereka. A Jailosi akweza dzanja. Wachiwiri, zii.

Ndakweza langa.

Abale, kuseka kwake! Deliwe, mnzanga wa Sitandade 4, wafunsa ngati ndikuingitsa ntchentche. Dzina lomwe amanditchula ndikatembenuka ndimalidziwa, Mayi Jumbo, poti ngakhale ulendo wa ku boma la Mwanza ndimanyamula majumbo osanzira. Ahedi andikumbutsa mwaulemu kuti ndi ulendo wa masiku awiri pamsewu. Ndati ndamva, mapu ndimaphunzitsa ndine.

A Mhango okha sanaseke. Angondiyang'ana n'kunena zikomo.

Lachisanu, 12 Juni

Thambani yense wasanduka dokotala. Wina akuti ndiike nyuzipepala pamimba. Wina ndalama yachitsulo pansi pa lilime. Mayi wogulitsa manachesi pamsika wandipatsa makoko oti ndizinunkhiza, wandipatsanso ndi pemphero. Ndalandira zonse, wodwala sasankha.

Bambo a Fyness akuti makani adzandipha, ndipo maliro ochokera ku Rumphi iwo sangawakwanitse. Ndawauza kuti akandiike konko, kuli mphepo yabwino.

Fyness wandichapira zitenje osamutuma. Pozipinda wati ndisadzivutitse chifukwa cha iye, maganizo sasintha. Ndamuyankha kuti ndikupitira a Mhango. Tonse tikudziwa kuti ndi bodza. Zivute zitani, mawa ndikwera.

Lamulungu, 14 Juni, m'mawa, Kasungu

Ndili moyo. Ndilembe kaye zimenezo.

Dzulo anandipatsa ulemu wa mayi mphunzitsi: kutsogolo, pakati pa dalaivala ndi Mayi Mhango. Eni ulendo, a Mhango, anakwera kumbuyo ndi a Jailosi kuti ine ndikhale pabwino. Ndinachita monga anandiphunzitsira malemu amayi anga: mutu pamaondo, chitenje kumutu, maso tseke, osaona chilichonse choyenda. Fungo la dizilo ndi mafuta odzola a Mayi Mhango zinakumana pansi pa chitenjecho. Tisanafike ku boma, majumbo anali atayamba ntchito. Nyuzipepala sinathandize. Ndalama ija ndinatsala pang'ono kuimeza.

Pa boma jumbo inang'ambika, zonse pa nsapato za dalaivala. Anaimitsa lole n'kunena kuti ulemu uli ndi malire, mayiwa akwere kumbuyo kapena abwerere, matola a ku Thambani ndi awo. Ndinawayang'ana matolawo, sindinama, mtima unapita. A Jailosi anabwera pafupi n'kundinong'oneza kuti ndikabwerera palibe angandinene, aliyense akudziwa mmene ndilili. Mawu achifundo amenewo ndi omwe anandipsetsa mtima. Ndinakwinya chitenje, phazi patayala, anthu awiri kundikankha kumbuyo ngati thumba la feteleza, anyamata a kabaza akuombera m'manja. Ndinakwera.

Malo anapezeka pakati pa matumba a chimanga ndi kabati ya Mayi Mhango. Chingwe cha kabatiyo chinali chitakhwefuka, lole ikakhota kabati inkafuna kundigwera. Ndiye ndinaigwira ndi manja onse awiri. Dzanja lofundira chitenje panalibe, kuwerama kosatheka. Ndinangoti maso patsogolo, kutali, mphepo ikundimenya kumaso.

Titadutsa Balaka ndi pomwe ndinadzidzimuka kuti kwapita nthawi ndisanafune jumbo.

Ndinaona mapiri a ku Ntcheu. Ndinaona paja msewu umasanduka malire, kuno Malawi, tsidya la phula Mozambiki, mbatata ndi kabichi mbali zonse ziwiri. Chinthu chomwe ndimalembetsa ana chaka ndi chaka! Ndinakuwa ngati mwana, a Mhango kundiseka. Phiri la Dedza si kakatatu kofiirira kamene kali pamapu athu aja, ndi chinthu choti khosi limapweteka pochiyang'ana.

Sindinachire ayi. Ndinasanzanso titadutsa Dedza, ndi potuluka mu Lilongwe. Koma ndaona kuti kusanza kumatha. Umatsuka m'kamwa, lole n'kumapitirira.

Lolemba, 15 Juni, Rumphi

Ku Chikangawa kuzizira kwake ndi kwa nkhanza. Nkhungu mpaka sitinkaonana bwino pa lole pomwepo, mitengo ya paini mbali zonse, kwina zitsa zokhazokha zopserera. Milomo yang'ambika. Ndinafunda kapeti ya a Mhango, ulemu ndinausiya pa boma paja.

Tinafika dzulo dzuwa likupendeka. Nthungululu, amayi kuthamangira lole, Chitumbuka chokhachokha. Ine amene ku Thambani ndikatsokomola ana amaima, kuno ndasanduka khanda. Akati monire ndimati yewo, akafunsa china ndimatinso yewo. Mayi wina anaseka mpaka kukhala pansi, kaya ndinavomera chiyani.

Chomwe chandikhudza ndi a Mhango. Kwathu tinkawadziwa ngati munthu wa mawu ochepa, woseka ndi milomo yokha. Kuno akulankhula ngati wailesi, kuseka mpaka kugwira m'mimba, kumenya anzawo pamsana. Nditawafunsa, anati munthu ukamaseka m'chilankhulo cha eni umayamba waganiza kaye. Anabwera ku Mwanza ali mnyamata, osadziwa munthu ndi mmodzi yemwe, ndipo chaka choyamba ankapita kumtsinje kukalira kuti ana asawaone. Ndawafunsa chomwe sanathawire. Ati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, komanso kuthawa kunkafuna basi, ndipo basi inkabwera mwa apo ndi apo.

Ndawakonda kwambiri bambo amenewa lero, tsiku lomwe ndikuwasiya.

Lachiwiri, 16 Juni, Mzuzu

Lole yabwerera yopanda kanthu, a Jailosi apita nayo. Ine ndakana. Fyness sadzayenda pa lole ya kabati, adzayenda pa basi, ndiye ndiyenera kuidziwa basiyo ndekha. A Jailosi andiyang'ana ngati ndapenga.

Pobwera kuno pa minibasi ndinatsika kaye pa sukulu ya mwana wanga. Sindinalowe, ndinangoima pageti. Nyumba za njerwa, maluwa, atsikana a yunifolomu yoyera atavala majuzi pamwamba. Ndinayesa kumuika Fyness pakati pawo, anakwanamo bwinobwino. Misozi inabwera, ndinanamizira mphepo.

Lachinayi, 18 Juni

Ndafika kunyumba. Mu basi ndinalimbirana mpando wa pawindo ndi bambo wina wa jekete, ndinapambana. Windo ndinatsegula, anthu kudandaula kuzizira, ine ngati sindikumva. Maso kutali. Jumbo inagwira ntchito, koma pang'ono.

Bambo a Fyness anandizungulira ngati akugula mbuzi, kuona ngati ndabwera yense. Madzulo ndawamva akuuza aneba kuti akazi awo afika mpaka ku Rumphi, "kufupi ndi Tanzania", ngati anandinyamula ndi iwo. Akuti chaka chamawa tikaone mchimwene wawo ku Nchalo, yemwe sitinamuyenderepo chikwatirane, ati chifukwa cha ine.

Ndafotokoza zonse mokweza kuti wa kukhitchini amve. Wa kukhitchiniyo anasiya kugobeza mapoto, koma sanatuluke.

Lachisanu, 19 Juni

Phunziro lomwe lija la mapiri, ndalibwereza. Ndawauza ana za nkhungu ya ku Chikangawa, za kabati, za nsapato za dalaivala. Belu lalira, palibe wadzuka. Deliwe anali pawindo, kalasi yake ataisiya ikusokosa.

Pa buleki wandikokera pambali. Iye wondiseka uja, kani sanapitirirepo Lilongwe! Mng'ono wake ali ku Karonga, ana ake amangowadziwira pafoni. Wandifunsa za basi, kokwerera, zovala. Ndamuyankha ngati munthu wobadwira mu depoti.

A Jailosi anena kuti titengere ana a Sitandade 7 ku Mpatamanga akaone Shire ndi maso, asamangomujambula ndi choko chabuluu. Ahedi avomera, ndipo wotsogolera ulendo asankha ine. Palibe waseka.

Sukulu yonse yagwedezeka. Munthu mmodzi yemwe ndinapitira ali phee.

Lolemba, 22 Juni

Ndamufunsa Fyness maso ndi maso ngati apita. Wati ayi. Ndinayamba kukweza mawu, wandidula.

"Inu munapita n'kubwerako, amayi. Ine ndikakhala konko. Ndikadwala adzandidziwa ndani?"

Kani nkhani si ya m'mimba yokha. Ndinakhala pansi pamphasa pafupi naye, chinthu chomwe sindinachite nthawi yaitali. Sindinamunamize. Ndamuuza kuti kukhala mlendo kumawawa, ndinalawako masiku awiri okha ndipo ndinamva. Ndamuuza za a Mhango ndi mtsinje wawo. Ndamuuzanso kuti ndikuopa, kuti nyumba ino popanda iye sindikuidziwa. Koma kuti chomwe ndikuopa kwambiri n'chakuti adzafike msinkhu wangawu akuyeza shuga mugolosale ya eni, akudziwa mumtima kuti akanatha kukhala namwino.

Ndasiya kukalipa, pakamwa pangapa pachita zokwanira.

Lachiwiri, 23 Juni

Ndagula juzi yochindikala ndi bulangete pa kaunjika. Ndaziika pabedi pake. Ndati apite asapite, Juni amazizira kulikonse.

Lachinayi, 25 Juni

Sutikesi yatsika pamwamba pa wodilopu. Sindinaitsitse ndine. Bambo ake akuti si iwo. Sitinafunse, tikuyenda monyang'ama m'nyumba mwathu momwe.

Loweruka, 27 Juni, pa Zalewa

Ndikulembera pamwendo, m'mbali mwa msewu.

Tinanyamuka m'mawa, iye ndi sutikesi, ine ndi chikwama changa. Ahedi anandipatsa masiku oti ndikamusiye mpaka pa sukulu. Bambo ake anatiperekeza pa matola, akungokonza chingwe cha sutikesi chomwe chinali chokonzeka kale.

Msewu sunamuchitire chifundo mwana wanga. Pa matola anasanza, mu minibasi anasanzanso, ngakhale anali pawindo. Pofika pano pomwe timadikirira basi yochokera ku Blantyre anangokhala pansi pafumbi, nkhope yatuwa. Ndinamupatsa madzi. Mumtima ndinati zatha izi, anena kuti tibwerere, ndipo sindikhala ndi mphamvu yomukaniza.

Basi ya ku Mzuzu inafika. Anadzuka, anatsuka m'kamwa, n'kunyamula sutikesi. Nditawerama kuti nditenge chikwama changa anandigwira dzanja.

"Amayi, inu bwererani."

Ndinati wasokonezeka, ali chonchi angayende bwanji yekha, nanga akakomoka panjira.

"Mukandiperekeza mpaka kumeneko, pobwerera ndidzakwera nanu. Ndikudzidziwa."

Kondakitala anali akumenya kale basi. Fyness anakwera. Ndinamuona akulankhula ndi mayi wina mpaka mayiyo anasuntha, iye n'kukhala pawindo. Sanabayibitse. Anangondiyang'ana kamodzi, kenako n'kutembenuzira nkhope kutsogolo.

Basi yapita. Mwezi wonse ndakhala ndikumenyera kuti apite, koma sindinaganizepo ngakhale kamodzi za ulendo wobwerera ndekha. Zikundiwawa koopsa. Ndakhalira chikwama chodzaza zovala za ku Mzuzu. Mnyamata woitanira minibasi ya ku Mwanza wabwera kudzandiuza kuti mpando wa pawindo ulipo. Ndamuuza kuti apatse wina, ine ndikwera yotsatira.