Miyala ya Baraniko ndi chitsulo chomaliza

Tekiau, 07:12
adadi mwalowanso mkati mwa khoma lachitsulo? ndikukuonani, ndili pa kireni

Baraniko, 07:30
ndikutenga miyala yanga

Tekiau, 07:31
chitsulo chomaliza tikhoma lero madzi akadzaza. mpata wa pakhomali ukatsekeka bwato lanu silituluka. mawa ayamba kupoperamo mchenga womangira chilumba chatsopano

Baraniko, 07:58
mpanda wokolera nsombawu anaumanga bambo anga ndi manja. nsomba za ikari zimene wakulira iwe zinkakodwa muno. pa msonkhano ku holo ya mudzi, ku maneaba, mabwana ako analonjeza kutisamutsira miyala kunja kwa khoma. wawaona?

Tekiau, 07:59
akuti next week

Baraniko, 08:20
next week ili pansi pa mchenga? nzeru unazisiya kusukulu iwe

Rotia, 08:41
adadi mankhwala a bp mwasiya pamkeka. achimwene alankhuleni bwino plz

Tekiau, 08:50
[uthenga wa mawu 0:48]

Baraniko, 09:15
sindimvera zimenezo. lemba

Tekiau, 09:16
foromani akuti mukapanda kutuluka aitana police. ine ndikachedwetsa kireni contract yanga yatha. ana adya chani

Baraniko, 09:44
apolisiwo abwere. aliyense anyamule mwala umodzi

Rotia, 10:20
ndili kumtunda ndikukuonani. bwato lalemera kwmbr, madzi afika mmilomo. basi zakwana

Baraniko, 10:38
yatsala ya pakhomo pa mpanda, ikuluikulu. popanda imeneyo nsomba sizilowa

Tekiau, 11:05
madzi adzaza. chitsulo chili mmwamba

Tekiau, 11:09
adadi

Tekiau, 11:14
[waimba, sanayankhe]

Baraniko, 11:26
bwato ndamangirira pampata penipeni. mwala waukulu wandikanika ndekha, msana. chilumba chawocho amange, nyanja ikutidya ndikudziwa. koma osati pamwamba pa mwala wa bambo anga. batani lili mmanja mwako. khoma chitsulocho

Rotia, 11:27
achimwene musayerekeze

Rotia, 11:33
achimwene yankhani

Rotia, 11:40
kd mukuona ma msg?

Rotia, 11:47
adadi kireni yazima. achimwene atsika. foromani akukalipa, achimwenewo avula chipewa cha ntchito amupatsa mmanja. alumphira mmadzi ndi ovolosi yomwe, akubwera kwa inu

Baraniko, 11:49
mukuwire abwere ndi chingwe. pakamwa asiye komweko