Nsomba za m'galasi la Che Saidi

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumeneko? Kuno ku Namitete nsomba zanga zatha masabata atatu osafa ngakhale imodzi.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Esinati, chitsiriza wanu, wabereka mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mwana wanu Lameki akadali kunkhondo, koma kalata yake yafika, akuti ali bwino ndipo wanenepa. Chimanga chadzaza nkhokwe. Fodya yekha ndiye anabooledwa ndi matalala.

Mukudabwa kuti nsomba zake ziti, eti? Che Saidi, a sitolo ija munkagulako mchere, anandibwereka bokosi lagalasi lomwe ankasungiramo maswiti. Ndinalimata ndi phula, n'kuikamo miyala, madzi ndi matemba khumi a kumtsinje, kuti ana a sukulu yanga aziona mmene nsomba imakhalira. Zinafa zonse. Ndinaika zina, nazonso zinayamba kuyandama pamwamba kukamwa kuli yasa, mpaka zinatha. Che Saidi anaseka, nanena kuti zikafa kachitatu galasi libwerera kusitolo, pakuti maswiti samwalira.

Wolakwa ndinali ine, koma inunso muli ndi mbali yanu. Munkati chiwiya chosadziwa phulusa chimachititsa manyazi mwini nyumba. Tsono Loweruka lililonse ndinkachotsa miyala ija, n'kuikwecha ndi phulusa mpaka mbee!

Buku lomwe ndinabwereka kumishoni ndi lomwe linanditsegula maso. Zonyansa za nsomba zimasanduka amoniya, chinthu chomwe chija chimaswa mphuno m'khola la nkhuku, ndipo m'madzi ndi poizoni. Pamiyala pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya amoniyayo n'kumusandutsa naitiraiti. Ameneyunso ndi wakupha, koma pali tizilombo tina timene timamusandutsa chakudya cha zomera. Timachuluka pang'onopang'ono, kwa masabata. Ine ndinkatipha tonse sabata iliyonse, ndipo phulusa lotsalira linkawonjezera ukali wa amoniya. Kunena mwachidule, nsombazo zinafa ndi ukhondo.

Tsopano ndaika zinayi zokha. Ndimaziwazira gaga wochepa kwambiri kamodzi pa tsiku, chifukwa chakudya chotsala chikawola chimabalanso amoniya. Kawiri pa sabata ndimatapamo madzi pang'ono n'kuthiramo ena a kumtsinje. Miyala sindiikhudza. Yachita ndere, yoterera, ndipo nsomba zikusambira pansi mosatekeseka. Apa mawu anu ena aja, akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndawapeza kuti ndi oona.

Amene akuvutika ndi akazi anga a Naphiri, mpongozi wanu uja. Amayi a kumpingo akabwera, a Naphiri amaphimba galasi ndi nsalu kuti alendowo asaone ndere. Dzana ndinawapeza ataima pambali pake, phulusa lili m'manja. Anati mukanakhalapo mukanawaikira kumbuyo. Ndinavomera kuti n'zoona, koma phulusalo ndinalanda.

Loweruka likudzali Che Saidi abwera kudzawerenga nsombazo. Adzapeza zinayi, ndipo maswiti adzakhalabe m'chitini momwe anawasamutsira.

Timakukumbukirani tsiku ndi tsiku, Amayi. Mvula isanagwe tibwera kudzalambula kumanda. Ndipo musadandaule: mphika wanu uja wa ndiwo tidzaukwechabe ndi phulusa monga munkafunira. Miyala yokhayo mundikhululukire.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yosefe