Kamwanapiye M'kapu ya Harlan

Lachiwiri, 4 Malichi

Anapiye a kampani afika dzana. Makola onse odzaza. Kuzizira koopsa, gasi wotenthetsera akutha ngati madzi. Bilu ili patebulo, sindinaitsegule.

M'mawa m'khola lachitatu, ine ndi mpongozi wanga Shelby. Ntchito ya masiku onse: kutola akufa, kupha opunduka. Ndowa m'manja, maso pansi. Ndaigwira kuyambira mwamuna wanga Harlan ali moyo, imvi zisanabwere. Kamwanapiye kopunduka kamapondedwa ndi anzake, kamafa ndi ludzu madzi kakuwaona. Chifundo ndiye kuchita msanga, chala chachikulu pakhosi, kamodzi basi. Ndamuuza kangati zimenezi?

Iye watola kamodzi, wangoima nako, misozi mbwee. Pakhomo pali mwamuna wake Royce ndi a Pruitt, alangizi a kampani. Mtima wandipsa. Ndati, "Kuno si kuchipatala cha ana. Ngati ukufuna kulera, bereka mwana wako."

Shelby anapita padera mu Novembala. Womugwira dzanja kuchipatala ndinali ine.

A Pruitt ayamba kuyang'ana kudenga. Royce, mwana wobereka ndekha, wayang'ana kumbali. Bola akanandilalatira. Shelby waika kamwanapiye pansi bwinobwino n'kutuluka.

Madzi akatayika sawoleka. Chakudya sichinalowe.

Lachitatu, 5 Malichi

Makola ndayenda ndekha. Shelby sanatuluke m'kanyumba kawo kuseriku. Royce akuti mutu ukumuwawa.

Khola lachitatu, pafupi ndi momwera madzi. Kamwanapiye chafufumimba, mwendo wina uku wina uko, kakupalasa utuchi ngati kakusambira. Kaya ndi kadzulo komwe kaja, kaya kena. Ndakatola. Chala pakhosi. Dzanja lakana.

Ndakaika m'thumba la jekete. Ine Twila Gossett, amene amuna a dera lino amati ndine wouma mtima kuposa iwo, ndipo ndimanyadira akamatero.

Lamulo la kampani ndikulidziwa. Mlimi wawo sasunga mbalame pakhomo, ngakhale nkhunda, kuopa matenda. Chotuluka m'khola sichibwereramo. A Pruitt atamva, anapiye ena sangatipatsenso, ndiye a banki adzatidya amoyo.

Ndadula pulasitala m'litali. Nsonga ina ku mwendo uwu, ina ku winawo, kuti miyendo iime pansi pa mimba monga inalengedwera. Magalasi pamphuno. Kenako m'kapu ya khofi ya Harlan, yoyalamo kansalu, kuti kasagudubuzike. Kapu m'bokosi la nsapato, bokosi pamwamba pa makina oumitsira zovala, nyale yofunditsa pambali.

Harlan akanaseka mpaka kutsokomola.

Lachinayi, 6 Malichi

Kadya. Kamwa madzi a mavitamini pa chivindikiro cha botolo, ochepa chabe, kangamire. Ndimakatulutsa m'kapu n'kukaimika pa thawulo, poterera sipafunika. Kaima, kagwa chamutu, kaimanso. Ndangozindikira ndikuwomba m'manja. Nkhalamba yopanda nzeru.

Lero lomwe ndapha ena m'khola lachiwiri osaphethira n'komwe. Ena anali bwinoko kuposa aka. Munthu atandifunsa ndingamuyankhe chiyani?

Ndaphika chigumu, ndati ndikapereke kwa Shelby. Ndafika pamasitepe awo, ndamva wailesi mkati, ndabwerera. Theka ndadya ndekha chiimirire, theka lina galu. Amati manyazi anapha lambe. Ine andipha chigumu chili pakhosi.

Loweruka, 8 Malichi

Royce wabwera kudzamwa khofi. "Amayi, mawu ake ndi awiri okha. Ndinalakwa, pepa. Simungafe nawo." Ndamuuza kuti akaone paipi ikudontha m'khola loyamba. Ali pakhomo wanena kuti Shelby akufuna kupita kwa mkulu wake ku mzinda wa Tulsa. "Kukapuma chabe," akutero. Kupuma kotenga sutukesi yaikulu ndimakudziwa ine.

Kamwanapiye. Miyendo yayandikana, zikomo Ambuye. Koma bondo lakumanja latupa, mwendo ukupotokera kunja. Ndapapasa. Mtsempha wa kumbuyo kwa bondo wachoka m'malo mwake, wagwera pambali. Ndawongola mwendo cham'mbuyo pang'onopang'ono, ndakankha mtsempha ndi chala, wabwerera. Kalira kamodzi kenako zii. Ndakulunga kabandeji.

Pofika masana mtsempha wachokanso.

Lamulungu, 9 Malichi

Tchalitchi. Shelby benchi ya kumbuyo, yekha. Mayi Odom andinong'oneza, "Mpongozi wanu wawonda, mukumudyetsa koma?" Ndaseka nawo. Akudziwa onse, mkazi wa a Pruitt pakamwa pake sipatsekeka. Ulaliki sindinaumve.

Nkhomaliro, nyemba ndi nyama ya nkhumba. Royce ali patebulo, kamwanapiye kayamba kulira. Ndathamanga kukayatsa makina ochapira opanda chovala mkati. Kubisa zinthu m'nyumba yanga yomwe ngati mwana woba shuga.

Royce wangoti, "Kuchapa Lamulungu, Amayi? Mwayamba liti?"

Lachiwiri, 11 Malichi

Pulasitala wasintha.

Wanga ndi wamba, wofiirira. Uyu ndi wabuluu, wa tinyenyezi, wa ana. Womata bwino kuposa wanga, mpata wa pakati pa miyendo woyenera ndendende. Bandeji ya pabondo yatsopano. M'kapu muli sokosi yofewa m'malo mwa kansalu kanga. Ndinaiwala kuti Lachiwiri Shelby amachapira kuno ine ndikakhala kumakola, makina awo anafa kalekale.

Ndiye waona. Kapu, bokosi, nyale, zonse. Mayi uja wa "bereka mwana wako" akulera kankhuku mobisa.

Ndakhala pansi pa simenti mpaka miyendo kuchita dzanzi. Mapulasitala a ana anawagula liti? Ndikudziwa. Mu Okutobala, pamodzi ndi matewera ndi tizipewa, zonse zija Royce anakazibisa m'denga. Shelby wakwera kukazitsitsa yekha.

Nkhope ndiiloza kuti?

Lachitatu, 12 Malichi

Sitikulankhulana, koma tikulandizana. Ine m'mawa, iye masana. Ndikabwera kumakola ndimapeza mtsempha wabwezedwa, pachivindikiro madzi atsopano. Lero ndinasiya chigumu pamwamba pa makina. Madzulo mbale yotsukatsuka. Ndakondwa ngati chitsiru.

Koma bondo likuipiraipira. Lotentha, lofiira, khungu lanyuka pamene kamakhuza pansi. Nkhuku za kampani zimakula msanga, thupi kulemera tsiku ndi tsiku, mwendo sukukwanitsa. M'kapu kayamba kuthina. Nthenga za m'mapiko zamera ngati za anzake m'khola, koma iko kakugona chammbali. Kakanakhala ka mlimi wina, akanandifunsa, sindikanaganiza kawiri.

A Pruitt aimba foni. Abwera Lachisanu. Amakonda kulowa kukhitchini kudzamwa khofi, ndipo makutu awo ndi abwino.

Lachinayi, 13 Malichi

Kasiya kudya. Kulira kosalekeza, osati kwa njala. Kulira kumeneko ndimakudziwa. Ndapita nako kuseri kwa shedi kuti ndikakaphe. Ndabwera nako. Ndapitanso. Ndabweranso.

Ndikuopa chiyani? Si a Pruitt. Kakafa, Shelby adzabwera kudzatani m'nyumba muno? Mbale ya chigumu ndidzaisiya pati?

Ndiye ndikukasunga mu ululu kuti ineyo ndisanene pepa. Ndalemba, ndikuziona ndi maso angawa. Manyazi.

Lachisanu, 14 Malichi

Shelby wandipeza m'chipinda chochapira, kamwanapiye kali m'manja mwanga. Mawu ake oyamba chiyambire tsiku lija: "Amayi, kakumva kuwawa." Ndati ndikudziwa. "Ndiye?" Ndati manja akundivuta, nyamakazi. Bodza lachibwana.

Wandiyang'ana nthawi yaitali. Wakatenga. Wamatula pulasitala wa tinyenyezi pang'onopang'ono kuti asazule ubweya, wamasula bandeji, wakasisita pamutu. Kenako chala chachikulu pakhosi, monga ndinamuonetsera. Kamodzi. Osaphethira, msozi ngakhale umodzi.

"Chifundo ndiye kuchita msanga," watero. "Munatero ndinu."

Wolira ndinali ine. Iye watsuka kapu ya Harlan, waipukuta, waibwezera pashelefu. Bokosi waponya m'moto wa zinyalala. Pamene a Pruitt amafika m'nyumba munalibe cholakwika chilichonse. Khofi amwera m'kapu yomweyo. Ataona Shelby akutuluka m'khola lachitatu ndi ndowa, nkhope youma, andigwedezera mutu. "Mwamuphunzitsa ndithu, Mayi Gossett."

Ndamuphunzitsadi. Ndi zimene ndinkafuna. Si choncho?

Sutukesi yaikulu ili kumbuyo kwa galimoto ya Royce, ndikuiona pawindo. Akuti anyamuka dzuwa lisanalowe. Mawu awiri okha. Kuyambira masana ndakhala ndikuwanena kwa firiji, kwa galu, kwa chithunzi cha Harlan, akutuluka bwinobwino. Apa ndikulemba kuti ndichedwe, ndikudziwa.

Shelby wakhoma chitseko chawo. Royce waliza injini. Nsapato imodzi ndavala, inayo sindikuiona, basi, ndithamanga choncho—